Timiyala ta Kudambo Toopa Moto

Ndikukumbukira ine, ndikukumbukira anzanga inu, chaka chomwe ndinalandira Ukaristia woyamba kwathu ku Wimbe. Fodya anali atachoka m'zigafa, dambo litauma gwaa, litang'ambikang'ambika ngati chidendene cha mlimi. Aphunzitsi a kutchalitchi anati mwana aliyense abwere ndi choikapo kandulo chake. Anzanga anathamangira mabotolo. Ine ayi, ine mwana wa woumba mbiya, botolo n'chiyani!

Kudambo komwe amayi ankakumba dothi kunali timiyala toonekera ngati galasi, tozizira m'manja, tofewa moti chikhadabo chinkalembapo. Ukatisenda ndi mpeni tinkagawika mapepalamapepala. Ndinatola todzaza kansalu kanga, ndinaumba choikapo changa, n'kubayamo timiyalato kuzungulira konse. Ee, kukongola kwake! Sabata yonse ndinadzitama pachitsime mpaka anzanga anatopa nane.

Koma mwana wa woumba amadziwa chinthu chimodzi: choumba chimawotchedwa. Lachisanu amayi akuwotcha mbiya zawo, ndinachilowetsa pakati mwakachetechete, osawauza. Loweruka m'mawa moto utazilala, ndinafukula phulusa. Mayo ine! Galasi langa lonse lasanduka loyera mbuu ngati ufa, kungolikhudza n'kuyoyoka. Mwambo mawa, pakamwa panga nditalengeza kale mudzi wonse.

Amayi anaseka mpaka anakhala pansi. "Iwe Nabanda, unandifunsa? Mwala umenewu ndi wamantha, suonana ndi moto waukulu. Pukuta mamina, tenga khasu."

Tinabwerera kudambo dzuwa lili paliwombo, tinaumba china, tinabayamo timiyala tina, n'kuchiika pamphepo m'chigafa. Lamulungu chinali chikadali chachiwisi. Ndinachinyamula choncho, dothi likudetsa diresi langa loyera, fungo la dambo likundiperekeza mpaka kuguwa. Koma kandulo itayaka, timiyala tonse tinagwira kuwala, ngwee uku, ngwee uko, azimayi a kwaya mpaka anasochera nyimbo. A mabotolo aja anangoti kukamwa yasa.

Lero mdzukulu wanga wandionetsa mwala womwewo pafoni. Akuti dzina lake ndi selenaiti, amagulitsa m'masitolo atausemasema bwino, ndipo akuti kalekale kumayiko akutali ankauika m'mawindo magalasi asanachuluke. Ndamuuza kuti tiye kudambo ndikakuonetse. Wayankha kuti kudamboko tsopano ndi nazale za fodya zokhazokha, ndiponso iye za matope ayi. Chabwino, asunge foni yakeyo. Ine ndinaunyamula ndi manja awa, ukuwala, tchalitchi chonse chikundiyang'ana!