Thumba Lomangidwa ndi Waya

Achimwene anga amatola zinyalala. Ndayambira pamenepa dala, chifukwa abale ena akafunsidwa za ntchito ya achimwene amayamba atsokomola kaye, kenako n'kumati, "Ali ku zaukhondo." Ine sinditsokomola. Amakankha ngolo ya matayala awiri m'misewu itatu, Lolemba ndi Lachinayi, kutola matumba amene anthu aika pageti n'kukawasiya kumtaya. Ntchitoyi akalamba nayo, moti dzina lawo linaiwalika. Aliyense amangoti a Ngolo.

Kufatsa kwawo n'kopsetsa mtima. Mutawaponda phazi, opepesa amakhala iwowo. Ine ndine telala, ndimasokera pakhonde la nyumba imene makolo anatisiyira awirife, ndipo mtima wanga ndi wapachala. Mayi ankati pobadwa achimwene anaiwala pakamwa m'mimba, ine ndinatulukamo ndi pawiri.

Thumba amalidziwa pongolinyamula. Ili la mabotolo, ili la matewera, ili la nyumba imene mwamuna wathawamo. Sanena kwa munthu.

Mumsewu wachiwiri muli geti lobiriwira, lalitali, waya waminga pamwamba. Mwini wake amaweta agalu ogulitsa, akuluakulu aja a makutu oima. Timawatchula a Mapepala, chifukwa galu aliyense wa mumpandamo ali ndi pepala lotchula bambo ake, agogo ake, mpaka agogo a agogo. Ine munthune dzina la agogo a mayi anga sindilidziwa.

Lachinayi lina m'mawa achimwene ananyamula pageti limenelo thumba la chakudya cha agalu, lomangidwa ndi waya kukamwa. Linali lofunda. Ataliika m'ngolo, linatakataka. Anamasula waya uja. Pakati pa manyuzipepala onyowa panali tiana tagalu titatu, maso asanatseguke. Kamodzi kanali katafa kale. Kachiwiri kanali kong'ambika m'kamwa kumwambaku. Kachitatu kanali kabwinobwino, miyendo inayi, kulira ngati kalipiridwa. Mlandu wake unali ubweya. Kanabadwa koyera, pomwe pepala limati agalu a mtundu umenewo akhale akuda ndi ofiirira.

Anabwera nato kunyumba m'chipewa chawo.

"Achimwene, tokha tikuchita kupanikizana muno, mwatibweretseranso alendo?"

"Chemwali, tenthetsani madzi," anatero. Basi, ndinayatsa mbaula.

Kong'ambika m'kamwa kaja kakamwa mkaka unkatulukira m'mphuno. Achimwene anapita nako kwa dokotala wa ziweto, amene anati sikangakule, ndipo anakabaya jakisoni, kanagonera m'manja mwawo. Apa ndiye pamandiwawa mpaka lero. Kuti kagalu kosachiritsika kagonekedwe, ine sinditsutsa. Jakisoni wake alipo, satenga mphindi, ndipo a Mapepala kwa dokotalako amapitako ndi galimoto mwezi uliwonse. Koma kumanga chamoyo m'thumba n'kusiyira dzuwa ndi munthu wa ngolo kuti akumalizireni, inu manja ali oyera, mukumwa tiyi? Umenewo ndi ufiti wovala wotchi.

Koyera kaja kanapulumuka. Kanali kakakazi, tinakatcha Waya.

Kuyambira pamenepo achimwene ankamasula thumba lililonse la waya la pageti lobiriwira. Linkatuluka kawiri kapena katatu pachaka. Tina tinkafa, tina tinkachira, iwo n'kutigawa mwakachetechete: kwa mlonda wa pasukulu, kwa mayi wogulitsa tomato, kwa makaniko wa njinga. Ine ndinkatokota. Ndinkati tipite tikagogode getilo, msewu wonse umve.

"Khoswe wa pamkhate sapheka, chemwali," ankandiyankha. "Panopa akutitaya tili moyo chifukwa akuganiza kuti palibe akutsegula. Akadziwa, asintha. Bola thumba lizituluka lofunda."

Ndinkati ndi mantha a munthu wosauka. Ndinkawauza pamaso.

Waya anakula n'kukhala chigalu, chifuwa ngati cha ng'ombe, makutu chilili. Masiku a ntchito achimwene ankamusiya ndi ine, kuti asawatsatire kumsewu wachiwiri. Ankagona pansi pa makina, mutu pa phazi langa. Zaka zitatu zinatha choncho.

Ndiye Loweruka lina masana galimoto inaima panja, n'kutsika a Mapepala eni ake, mathalauza awiri m'manja. Wina anawauza kuti ndimadziwa kukulitsa m'chiuno. Pakhonde panali azimayi atatu akudikira madiresi awo, achimwene ali pabwalo akutsuka ngolo. Waya anatulutsa mutu pansi pa makina. A Mapepala anamuona. Anayang'ana makutu, anayang'ana miyendo yakumbuyo.

"Galu uyu munamutenga kuti?"

"Ndinamutola, bwana," anatero achimwene, ndowa ili m'manja.

"Ameneyu ndi magazi a kwanga. Wamkazi, eti? Akabereka ndi agalu a m'misewu, anthu aziti ndi mtundu wanga. Ine sindipatsa munthu galu wopanda pepala, akulu. Ukapatsa mmodzi, mawa tauni yonse ili ndi mbewu yako yaulere. Ndimutenga."

Mwamva? Sichinali chisoni, sanali matenda. Tiana tija tinkalowa m'thumba kuti inu ndi ine tisakhale ndi galu wofanana ndi wawo.

Achimwene anandiyang'ana, kundipempha ndi maso, kenako anavula chipewa. "Bwana, pepani. Anasokera ali wamng'ono, ndinamupeza mungalande. Mawa lomwe ndipita naye kwa dokotala akamutseke, sadzabereka. Tisiyireni, tamuzolowera."

Ananama dala mowakomera, kuti munthu asachite manyazi. Ndipo a Mapepala anali atayamba kugwedeza mutu movomera. Nkhani ikanathera pomwepo, Waya ali wathu, thumba osatchulidwa.

Koma kuona achimwene, imvi mbuu, chipewa m'manja, akupepesa kwa wakupha, magazi anandithamangira kumutu. Ndinalowa m'nyumba, ndinakhuthula zidutswa za nsalu zimene ndinkasungira m'thumba loyamba lija, n'kuliponya pamapazi pa a Mapepala.

"Ngalande yake ndi iyi! Mwaizindikira? Achimwene amasula matumba asanu ndi awiri pageti panu, onse akutakataka. Wina ali kwa mlonda, wina kwa makaniko, akudya, akuuwa, opanda pepala lanulo. Munataya nokha, lero mwati magazi anu? Magazi anu mumawamanga ndi waya? Mwa ana anu wina akabadwa wosafanana nanu tikamuyang'ane Lachinayi?"

Azimayi aja anafuula, oyandikana nafe anatuluka, wina anaimitsa njinga. A Mapepala anatola mathalauza awo, limodzi n'kugwanso, anthu kuseka. Analowa m'galimoto osacheuka. Waya anatsala. Tsiku limenelo ndinayenda ngati ndavala nsapato zatsopano, anthu akundigwira chanza. Achimwene anavala chipewa chawo n'kupitiriza kutsuka ngolo. Sanandikalipire. Bola akanandikalipira.

Panapita miyezi inayi. Lachinayi lina ndinamva ngolo ikulowa pabwalo nthawi isanakwane, ndipo ndinadziwa kuti thumba latuluka. Ndinasiya diresi pamakina, ndinathira makala pambaula, ketulo pamwamba. Ndinatuluka ndi thaulo lakale.

Chipewa chinali kumutu kwawo. Thumba linali m'ngolo, waya atamasulidwa, madzi akudontha pansi pa matayala. Silinkatakataka. Waya analinunkhiza n'kubwerera chafutambuyo.

"Tingati?" ndinafunsa.

"Tinayi. Tiwiri toyera."

"Madzi atentha pompano, achimwene, mwina…"

"Musavutike, chemwali. Atimiza m'ndowa tisanatuluke. Khasu lili kuti?"

Ndinawasonyeza kuseri kwa chitseko. A Mapepala ndimadana nawo, ndipo ndidzafa ndikudana nawo, chifukwa dzanja linagwira tianato pansi pa madzi ndi lawo, si langa. Koma munthu mmodzi yekha mumsewu wonse ankadziwa mmene angatulutsire moyo pageti limenelo, ndipo ine ndinkamutcha wamantha. Mkhate ndinaswa ndine, khoswe alipobe, akunenepa.

Achimwene amamasulabe thumba lililonse la waya. Amaika kaye dzanja pamwamba pake, n'kudikira pang'ono. Chaka chino latuluka kawiri, ndipo kawiri konse afika kunyumba chipewa chili kumutu.