Chilembo V Chimene Ndidaikira Osayankha

Ntchito yanga yoyamba adandipezera ndi malume, amene ankayendetsa galimoto ya kabungwe kena ku Matema kofufuza abale otayana pa nkhondo. Atamva kuti akufuna wodziwa komputadori, adandikokera kumeneko ngati mbuzi. Ndidali nditangophunzira pang'ono Pascal, chinenero cholembera mapurogarama, titabwerako ku Malawi komwe tidathawira nkhondo, koma matama okha ndidali nawo odzaza dengu.

Shefe wathu, mkulu wa kabungweko, Dona Amélia, adati ndilembe purogarama yofunsa mafunso pagalasi lakuda la komputadori: dzina la munthu, mudzi wake, kumene adamuona komaliza. Mlembi ankadandaula kuti zala zikuwawa, ndiye ndidati ndimupeputsire ntchito. Funso lililonse ndidaliikira yankho lokhaliratu: akangodina batani la Enter osalemba kanthu, lamulo la readln lowerenga mayankho libweza mzere wopanda kanthu, purogarama n'kutenga yankho langalo. Funso lina linkaoneka chonchi: "Vivo ou morto? [V]". Ndiye kuti wamoyo kapena wakufa; V ndiye wamoyo. Ndinkati ambiri ali moyo, nanga n'kuvutikiranji kulemba?

Ndidaiwala za kwathu. Munthu satchula imfa ya mwana wa mnzake ngati akutchula mbatata pamsika. Bambo wina wa ku Tsangano ankatchula anthu amene adathawa nawo, ndipo atafika pa wina dzina lake Zakeyu, pa funso la moyo lija, adangoweramitsa mutu n'kukhala chete. Mlembi, maso ali pamabatani, adadina Enter n'kupitiriza.

Patapita masabata kudabwera Mayi Rozina, kudzafunsa za mwana wawo, Zakeyu yemweyo. Wofufuza ndidali ine, wowauzanso ine ndemwe, mano onse pamtunda: "Mayi, ali moyo! Adamuona ku Tsangano." Adalulutira mpaka mlonda adalowa kudzaona. Tsiku lomwelo adakwera kamiyau, lole yopita ku Tsangano.

Atabwerako sadakalipe. Adakhala pansi pakhomo pa ofesi yathu, fumbi lili mbuu m'miyendo, nati, "Mwanangu, andionetsa manda. Ndidali nditalira kale, mwandiliritsa kawiri."

Manyazi adandigwira, ndidasowa kolowera. Dona Amélia adandiitanira m'kati n'kundifunsa funso limodzi: "Munthu wakhala chete, iwe wamuyankhira bwanji?"

Tsiku lomwelo ndidachotsa V uja. Enter wopanda kanthu adayamba kubwezanso funso, ndipo ndidawonjezera yankho lachitatu, lakuti sizikudziwika. Mpaka lero yankho lokhaliratu ndimaliika pokhapo poti likalakwika palibe alire. Mayi Rozina ndinkakumana nawobe mumsewu. Ankandipatsa moni bwinobwino, ine n'kumayankha ndikuyang'ana pansi.