Shedi yatha, pikipiki yatsala m'kati

Mwaswera bwanji nonse.

Shedi yosungiramo pikipiki ija, ya kuseri kwa nyumba, yatha lero. Bambo a Chisomo anakana kuitana fundi wa matabwa, akuti amadula. Matabwa anagumula pa boti lakale la amalume, malata anapempha kwa jirani woyandikana nafe nyumba.

Poopa kulakwitsa muyezo, anaimika pikipiki yawo ya bodaboda, njinga yamoto yonyamula anthu ija, pakati n'kumakhoma matabwa mozungulira. Shediyo yakongola ndithu.

Koma khomo lachepa, mahandulo akukana kutuluka. Kasitomala wopita ku Liparamba wadikira mpaka wakwera ina.

Ndawauza kuti, "Zulani matabwa awiri basi." Iwo akuti, "Mayi a Chisomo, khoma langa musalikhudze." Panopa akhala pa pikipiki m'katimo, akumwa tiyi.

Achimwene, inu amakumverani. Tigumule khoma kapena timasule pikipiki?