Masamba a mu poto wa apongozi

Lachiwiri lapitali nditaweruka kuntchito ndinapeza nyumba yathu ku Wheaton, kufupi ndi Washington, ikununkhira ngati pochekera matabwa. Tadala, mwana wanga wa zaka zinayi amene wakhala akutsokomola sabata yonse, anandichingamira pakhomo. Anandiuza m'Chingerezi, monga achitira ana athu a kuno, kuti agogo amumwetsa tiyi wowawa wa mtengo wa Khirisimasi.

Ndinathamangira kukhitchini.

Agogowo ndi apongozi anga, anaBanda, amene anafika mwezi watha kuchokera ku Dedza. Kwathu chifuwa sichidikira dokotala, mukudziwa inu. Masamba a bulugamu, a gwafa, a mandimu, kuwiritsa basi. Koma kuno anapeza mitengo yonse yayoyoka ndi chisanu, ili mbuu. Yamasamba yangotsala iyi ya Khirisimasiyi.

Tsono mpongozi mungamukalipire? Mkazi wanga anali kuntchito ku Rockville. Ndinagwada pakhomo la khitchini n'kufunsa mwaulemu.

"Amayi, pepani, masamba ali mu potowa mwawatenga kuti?"

"Pa nkhata ija mwakoloweka pachitseko, bambo a Tadala. Si paini yemwe uja wa kwathu? Mwana wamwa theka la kapu, muona mawa chifuwa chitathawa."

Nkhata yokongoletsera Khirisimasi imeneyo sitinagule. Anatilukira amayi a kumpingo, aliyense atathyola nthambi kuseri kwa nyumba yake. Ndani akudziwa zimene zinalowamo?

Ndinaimba telefoni kuchipatala. Namwino anafunsa funso limodzi: ndi mtengo wanji?

"Wa Khirisimasi," ndinayankha.

Namwinoyo anati mitengo ya Khirisimasi ilipo yambiri, bambo, ndipo ina imapha. Anati nditenge nthambi m'manja ndimuuze zimene ndikuona. Ngati masamba ndi ataliatali ngati singano, omera m'timitolo, ameneyo ndi paini. Ngati ndi aafupi, obaya, ndipo tsamba likugubuduzika pakati pa zala, ndi sipulusi.

Anga sanali ataliatali. Sankabaya. Sankagubuduzika. Anali aphwatalala ndi ofewa.

"Ndiye yatsala iwiri," anatero namwinoyo. Wina amautcha fa, wonunkhira utomoni, ndipo kunsi kwa tsamba lake kuli timizere tiwiri toyera. Winayo ndi yuu, wobiriwira moderako, wobala tizipatso tofiira tofewa, ndipo masamba ake amaimitsa mtima wa munthu. Kodi timizere tilipo?

Abale anga, tsamba lowiritsa lingaoneke timizere? Ndinaliyang'ana pa babu, ndinalipukuta pa malaya. Kuona ngati tilipo, kuonanso ngati palibe. Namwino anati ndisataye nthawi, ndibwere naye mwanayo pamodzi ndi poto ndi nkhata yomwe.

Ulendo wa m'galimoto uja sindidzauiwala. Tadala akangotseka maso ine kumugwedeza. Apongozi kumbuyo, poto ali pamiyendo, akupemphera chamumtima, milomo yokha ikugwedera. Ine ndinaopa, ndinene zoona. Ndinaopa kuti ndidzaimba bwanji telefoni kwa mkazi wanga ku Rockville.

Dokotala anamupima mwana, n'kuvuula masamba mu poto, n'kuwafananiza ndi a pankhata. Anati ndi fa, si wakupha uja. Mwina m'mimba mungamupweteke pang'ono, koma tipite kwathu, ndipo tisadzayesenso.

Tsono ndikufunseni inu anzanga a ku Gaithersburg, Rockville ndi kwina konseku. Kwathu munkasiyanitsa msuku ndi mpoza muli patali. Mwana asanayambe sukulu ankadziwa bowa wodya ndi bowa wakupha. Sitinkaphunzira m'buku, tinkangokula nazo. Koma kuno takhala zaka zingati tikudutsa mitengo imeneyi m'mawa ndi madzulo? Mtengo uliwonse wobiriwira m'chisanu timangoti paini. Njira zonse za mu Washington tikuzidziwa, sitolo yotchipa nyama tikuidziwa, koma chitsamba chimene chili pansi pa zenera la ana athu, ayi.

Ndiye Disembala akafika timathyola nthambi zomwezo n'kulowetsa m'nyumba. Pathebulo, pachitseko, pazenera, pamene pomwe dzanja la mwana likufika. Kenaka timaitanitsa makolo kumudzi kuti adzatilerere ana, anthu amene moyo wawo wonse tsamba lobiriwira lakhala mankhwala. Timawaphunzitsa kuyatsa chitofu ndi kukhoma chitseko. Za mitengo tiwauza chiyani, poti ifenso sitikuidziwa?

Titabwerera kunyumba, Tadala anathamangira m'kati. Apongozi anaima pamasitepe, poto ali m'manja, akuyang'ana mpanda wa zitsamba umene uli m'mbali mwa khomo lathu, womwe mwini nyumba amaudulira bwinobwino chaka ndi chaka.

"Bambo a Tadala," anatero chapansipansi, "chifuwa chikanapanda kutha, mawa ndimati ndithyole uwu. Ukuoneka wamphamvu kuposa wa pachitseko uja."

Ndinawerama n'kuyang'ana. Masamba aphwatalala, ofewa, obiriwira moderako. Ndinatembenuza limodzi, timizere toyera panalibe. Pakati pa nthambi panali kachipatso kofiira kotsalira.

Inu amene mukuwerenganu, mtengo wa pakhomo panu dzina lake n'chiyani?