Makina Osokera a Mayi Aida

Mayi Aida anafika ku Chitipa akadali mtsikana, kutsatira amuna awo, Che Amidu, telala wa ku Machinga amene ankasoka pakhonde pafupi ndi msika wa pa Boma. Asilamu kuno ngochepa, koma Che Amidu sankagwedezeka pa chipembedzo. Kubanki sanapondeko mpaka imfa yawo. "Chiwongoladzanja ndi haramu, n'choletsedwa," ankatero, "kulandira ngakhale kupereka."

Maliro atatha, abale anati Mayi Aida abwerere kumudzi. Iwo anakana, poti manda a amuna awo anali konkuno, ana awonso anali atazolowera sukulu ku Lufita. Anakhala pa makina opalasa amene malemuwo anasiya, n'kumasoka. Koma makinawo anali okalamba, ndipo tsiku lina anathyoka chitsulo chimene okonza onse anachilephera.

Sabata yomweyo kunabwera Mayi Dorothy, a ku Dedza, ogwira ntchito kubanki, kudzatenga yunifolomu yawo ya Mvano. Anaipeza yosatha.

"Bwanji osabwera kwathu, tikuthandizeni kupeza makina ena?" anafunsa Mayi Dorothy.

"Ngongole yobereka? Ayi amayi, bola ndizigulitsa tomato."

"Masiku ano tili ndi gawo lotsata malamulo a Chisilamu. Ndalama sitikupatsani. Banki imagula makinawo, n'kukugulitsani pa mtengo womwe mwagwirizana, phindu lake lodziwikiratu. Mumalipira pang'onopang'ono, ndipo mtengowo sukwera."

Mtima wa Mayi Aida unkawauza kuti kulowa m'nyumba imene amuna awo ankailambalala n'kuwanyoza ali m'manda. Anaimbira foni shehe wa ku Karonga amene anapempherera malirowo. Shehe anafunsitsa zonse, kenako anati, "Amenewo ndi malonda, mayi. Allah analola malonda. Che Amidu akanazipeza zimenezi, bwenzi atapita okha."

Mayi Aida anapita kubanki Lolemba, atafunda mpango wakuda. Mayi Dorothy anawawerengera pangano lonse mofatsa, asanasaine.

Mapepala anachedwa ku likulu mpaka mvula inagwa. Makina atafika kuchokera ku Mzuzu, Mayi Aida anathamangira kubanki kukathokoza. Pampando wa Mayi Dorothy anapezapo mnyamata wachilendo.

"Mayi Dorothy anawasamutsira ku Nsanje," iye anatero. "Amuna awo ali kumeneko ndipo akudwala kwambiri, choncho anapempha okha."

Mayi Aida anapempha nambala yawo. Anaimba madzulo ake, koma foni inali yozima. Mpaka lero amasoka pakhonde lomwe lija, ndipo akamaswali amawatchula Mayi Dorothy m'mapemphero.