Tayi Imene Simunamasule ku Damu

Bambo a Tisa, lero mdzukulu wanu Chikondi wanditumizira chithunzi. Ali paphiri ndi anzake a gulu lobzala mitengo, onse akuda ngati ife, atavala makabudula. Ndachiyang'ana nthawi yaitali, osalira, osaseka. Chikuikireni m'manda chaka chatha, zinthu zimangondidutsa.

Koma ndakumbuka Lamlungu lija, ufulu utangobwera, mutamva kufakitale kuti damu limene ankapumulirako azungu okha latsegukira aliyense. Munavala suti ya kutchalitchi ndi tayi, ine diresi ya Khirisimasi, poti tinkaganiza kuti kumalo otere amapita atatchena. Tinachoka kukomboni kwathu ku Matero pa njinga, n'kukapeza eni akewo atagona paudzu, opanda nsapato, mimba zili pamtunda. Mlonda wa pageti, wakuda mnzathu, anati, "Imwe, nchito kulibe kuno. Kutola nkhuni nakonso sibalola." Inu munavula chipewa n'kuti, "Tabwera kudzangoona madzi." Tinakhala pamwala, dzuwa likuswa mtengo, maso onse ali pa ife. Nditakunong'onezani kuti tizipita, munati, "Tikanyamuka msanga, mawa adzati anthu akuda sakonda malo otere." Kolala inanyowa ndi thukuta, koma tayi simunamasule mpaka dzuwa litapendeka. Madziwo sindikuwakumbuka n'komwe.

Chikondi wafunsa ngati chithunzicho chandisangalatsa. Ndati eya. Sindinamuuze kuti tayi yomwe ija, yothetheka, imene iye ankati tisakuvekeni pamaliro, ndinaiumirira chifukwa chiyani.