Timbale tosatha ta kwa Mmwenye

Moni nonse ku Zemba. Wodziwa kuwerenga awerengere ena.

Lero ndinapita ku Boma ndi nsawa zathu. Mmwenye wogula uja ali ndi kanyumba kodyera kuseri kwa sitolo, ndiye anati ndiyambe ndadya. Ndinamuuza kuti adokotala a ku mishoni anandiletsa nyama. Anandigwira dzanja mokondwa, nati, "Inenso chibadwire sindinailawepo." Munthu wa malole awiri, abale, wosadziwa nkhuku.

Akazi ake anabweretsa timbale tisanu, ta mphodza, mbatatesi, mabiringanya ndi zina zatsabola. Ndikangomaliza kamodzi, iwo kudzazanso. Kwathu kukana chakudya ndi chipongwe, ndiye ndinkadya. Iwonso ankathirabe. Ndinadya mpaka mthunzi wa mtengo unasamukira mbali ina. Pobwerera, nditangokhala panjinga matayala onse awiri anaphwa popanda minga. Sindikuwonjezera, Mulungu ndi mboni.

Tsono Mmwenye uja wati nsawa zotsala ndibwere nazo Loweruka. Akuti, "Lero mwangolawa, tsikulo mudzadya."

Amalume, inu munayenda. Kodi kwa Amwenye munthu amaleka bwanji kudya osakhumudwitsa wogula nsawa zathu? Kapena Loweruka tipite anayi, tizisinthana?